Tsiku limene Bwana Declan analankhula pamanda a mlamu wanga

Ndiyambe ndatchula mboni zanga, chifukwa ku Dublin kuno alipo anthu amene amati ine Lyson ndimakometsera nkhani. Mboni yoyamba ndi ansembe amene anatsogolera Misa, munthu woti kunama sangathe ngakhale atafuna. Yachiwiri ndi Mayi Tembo a ku Chipata, namwino wa kuchipatala cha Beaumont, amene kunama angathe koma alibe nthawi. Yachitatu ndi kamera ya Jailosi, wojambula wathu. Wokayika abwere, DVD ilipo, ndimabwereketsa.

Tsiku loika mlamu wanga Bonifesi ndinadzuka kusanache pansi pa tebulo la m'khitchini, m'nyumba ya mlongo wanga Esinala ku Clondalkin. Malo ena onse anali atatha. Pabalaza amayi anali akuimbabe, mawu atasasa. Pamasitepe panagona anthu, sitepe iliyonse munthu wake. Nsapato zimene zinali pakhomo ukanatsegula nazo shopu pa Moore Street. Abambo tinachezera kuseri, m'kashedi, titazungulira hita ya gasi poti moto wa nkhuni kuno ndi mlandu. Kunazizira moti mkulu wina atayamba nyimbo, mawu anatuluka koma sanafike kwa ife, anagwera pansi. Ndinawaona ndi maso angawa.

Malemuwo m'nyumba munalibe. Anagona kwa okonza maliro, kuti tikakumane nawo kutchalitchi. Tinkafuna kuti akagone kwawo ku Ntcheu, koma titafunsa mtengo wa ndege, tinagwirizana kuti dothi la ku Ireland nalonso ndi dothi. Ndipo apa ndi pamene pali nkhani.

Ine ndi Bonifesi tinagwira ntchito limodzi zaka zisanu ndi chimodzi pakampani yochapa nsalu za m'mahotela, mwini wake Bwana Declan. Kontrakiti yathu inali ija amati zero hours: palibe maola olonjezedwa, foni ikalira ubwere, ikapanda kulira ukhale. Sabata ina unkagwira mpaka msana kuuma, sabata ina osaitanidwa n'kamodzi komwe. Bonifesi ankagona foni ili pachifuwa. Kubafa ankapita nayo m'pulasitiki. Mlongo wanga ankati anakwatiwa pamitala, mkazi wamkulu ndi foniyo.

Kenaka chuma cha dziko lino chinagwa. Mahotela anakhala opanda alendo, mashiti a pabedi osada, kampani n'kutseka. Lamulo la kuno limati ntchito ikatha chotero, amene wagwira zaka ziwiri mosadukiza alandire redundancy, ndalama yomuperekeza. Anzathu a maola okhazikika analandira. Ife Bwana Declan anatiuza, mwaulemu ndithu, kuti sitinali antchito ake. Tinali aganyu. Ulendo uliwonse umene ankatiitana unali ganyu watsopano, ndipo sabata iliyonse imene foni sinalire inkadula zaka zathu. Mayi wina wa kubungwe la apantchito anatiuza kuti tikakasuma tikhoza kupambana, poti palibe tsiku limene anatichotsa ntchito, koma anati tidzavutika chifukwa bwanayo ali ndi loya. Tinakasuma. Tikudikira tsiku la mlandu, mtima wa Bonifesi unaima ali pamalo okwerera basi. Anasiya mkazi, ana awiri, ndi lendi imene mwini nyumba anali atayamba kale kuikumbutsa mokweza mawu. Ndalama ija ikanapanda kubwera, Esinala akanatulutsidwa m'nyumbamo.

Kutacha tsiku la maliro lija, amayi anayatsa mbaula za gasi kuseri pansi pa tenti, utsi wa nkhuku n'kudzaza msewu wonse. Mayi wina wachiairishi wa nyumba yoyandikana, amene usiku wonse sanagone chifukwa cha nyimbo zathu, anagogoda pakhomo. Tinati basi, apolisi akubwera. Anali atanyamula thireyi ya masangweji, kumbuyo kwake mwamuna wake atasenza mipando. Anthu anapitiriza kufika: a ku Cork, a ku Limerick, a ku Galway, anamwino ochokera kuntchito ya usiku atavala chitenje pamwamba pa yunifolomu, Azambia ndi Amalawi osadziwikanso uyu ndi wa kuti. Mvula inkagwa ya kuno ija, yosachokera kumwamba koma m'mbali. Ambulera anga anatembenuka n'kuuluka, ndipo munthu wina wodalirika anandiuza kuti anawaona akutsika ku Wales.

Misa inatha bwino. Kuno kuli mwambo woti anthu amafola n'kumagwira chanza ofedwa mmodzimmodzi. Ndili chiimire pafupi ndi mlongo wanga, ndinangoona pamzerepo jasi yakuda yodula, m'kati mwake muli Bwana Declan. Aairishi maliro salumpha, zimenezo ndiwayamikire. Anabwera kuti agwire chanza, anene pepani, azipita. Koma a Nkhoma anawaona.

A Nkhoma ndi mkulu amene amayendetsa mwambo wa maliro ndi maukwati onse a anthu athu kuno, ndipo pulogalamu yawo sinasinthepo chichokereni ku Lilongwe: woimira banja, woimira mpingo, woimira kuntchito. M'mawa umenewo anali odandaula kuti mzere wachitatu ulibe munthu. Atamva kuti mzunguyo ndi bwana wa malemu, nkhope yawo inawala ngati alandira mphatso.

Ine ndinakana. Ndinapita kwa Esinala n'kumunong'oneza kuti munthu ameneyu asalankhule, watidyera thukuta.

"Achimwene, wabwera pamaliro," anatero. "Wobwera pamaliro sabwezedwa. Alankhule."

"Akanena zopusa ndimuponya m'dzenjemo."

"Muyambe mwapeza ambulera anu."

Choncho amene amati ine ndinakonza zonsezi akunama. Ine ndinali wotsutsa.

Tinanyamuka ulendo wa kumanda. Galimoto ya maliro patsogolo, ife pambuyo, mzere wautali moti oyamba atafika kumanda omaliza anali akufunsabe kuti tchalitchi chili kuti. Amayi anaimba njira yonse mawindo ali otsegula. Anthu m'misewu ankaima, achikulire n'kuvula zipewa. Bwana Declan sanathe kuthawa chifukwa a Nkhoma anali atakwera m'galimoto mwawo, mpando wakutsogolo, ati kuti awalondolere njira.

Kumanda ansembe atapemphera, Jailosi anaimika kamera yake. Maliro a kunja timajambula onse, kuti abale a kumudzi amene sanaone bokosi adzaone kuti mwana wawo sanatayidwe ngati galu. Pa chifukwa chomwecho, mawu aliwonse achingerezi amamasuliridwa. Woimira banja analankhula. Woimira mpingo analankhula. Kenaka a Nkhoma anakweza mawu: "Tsopano timve kuchokera kuntchito kwa malemu." Mayi Tembo anaima pambali pa bwanayo kuti amasulire.

Bwana Declan anafiira mpaka m'makutu. Kutsogolo kwake kunali bokosi, mkazi wamasiye, ana awiri atagwirana manja, ndi anthu osawerengeka atanyowa, onse akumuyang'ana. Pamalo otero munthu sunganene kuti uyu anali waganyu. Anayamba pang'onopang'ono, kuti Bonifesi anali munthu wabwino. Mayi Tembo anamasulira. Anthu anavomera, "Mmm." Kuvomera kumeneko kunamulimbitsa mtima. Anati Bonifesi anali msana wa kampani yake. Anati sanamuimbirepo foni n'kukanidwa, ngakhale tsiku limodzi. Anati tsiku la ubatizo wa mwana wa Bonifesi, Bonifesiyo anachoka paphwando n'kubwera kudzachapa mashiti atavala suti. Zimenezo n'zoona, ine ndinatsala ndi mwanayo m'manja.

Akufuna kubwerera m'khamu, a Nkhoma anamugwira mkono. Mbiri ya malemu kwathu siikhala yoduka.

"Pepani bwana, akumudzi adzafuna kudziwa. Anagwira kwa inu zaka zingati?"

"Zisanu ndi chimodzi."

"Anasiyapo pakati? Kapena munawachotsapo?"

"Ayi, ayi. Sanachokepo. Anali wathu kuyambira tsiku loyamba mpaka tsiku lotseka." Apo anandiona ine, ndipo poti mtima unali utafewa kale, anawonjezera: "Iye ndi Lyson yemwe."

Mayi Tembo anamasulira mawu amenewo mokweza ngati akuitana wodwala wogontha. Anati mphepo yawasokoneza, n'kupempha bwanayo abwereze chakukamera. Anabwereza. Mvula inasiya nthawi yomweyo, dzuwa n'kutuluka, ndipo ansembe, amene nkhani ya mlandu ankaidziwa, anayang'ana kumwamba kwa nthawi yaitali, milomo ikunjenjemera. Amati ankapemphera.

Ndinamuona Bwana Declan pamene zinamulowa m'mutu. Anayang'ana kamera, anayang'ana ine, anayang'ananso kamera. Ine ndinapita kukamugwira chanza ndi manja awiri, n'kumuthokoza chifukwa cha mawu olimbikitsa.

Ogwira ntchito kumandako anafuna kuphimba dzenje ndi kapeti wobiriwira kuti thirakitala idzakwirire ife titapita. Tinakana. Tinapempha mafosholo, tinavula majekete, tinamukwirira tokha mlamu wanga, amayi akuimba. Dothi la kuno ndi lolemera, lonyowa, lomata ku fosholo. Nditatopa ndinapereka fosholo kwa amene anali kumbuyo kwanga osayang'ana. Anali bwana uja. Analandira, naponya dothi, nsapato zake zodula zikumira m'matope. Aka kanali koyamba kumuona akugwira ntchito, ndipo kamera inajambula.

Anthu anadya, anatsanzika, magalimoto anapita. Madzulo m'nyumba munatsala ine, Esinala ndi ana, ndi mipando ya aneba itasanjikizidwa pakhonde. Munali zii, moti firiji inkamveka kulira. Pawindo la m'khitchini panali foni ya Bonifesi, ili pa chaja monga mwa masiku onse. Chimwalirireni mwini wake, mlongo wanga sanalole munthu kuizimitsa. Tinakhala pamenepo tikumwa tiyi wozizira.

"Jailosi anajambula zonse?" anafunsa.

"Zonse. Mpaka nsapato."

Anaseka koyamba sabata imeneyo, kenaka analira, ine n'kumusiya alire.

Jailosi anapanga ma DVD awiri. Imodzi inapita ku Ntcheu, kumene ndikumva kuti anthu anayamikira kuti Bonifesi anali ndi bwana wachikondi. Ina ndinakapereka kwa mayi wa kubungwe uja. Anaionera ndili pomwepo, anabwezera pambuyo, anaioneranso, n'kundifunsa ngati a Nkhoma anaphunzirapo zamalamulo. Ndinati ayi, amangokonda pulogalamu yodzaza.

Mlandu sunalowe n'komwe m'bwalo. Loya wa bwana uja anaimba yekha foni. Patapita masabata angapo, m'mawa wina wamvula, wapositi anaponya maenvulopu awiri pakhomo pa Esinala, pamene makalata anga amafikiranso, ina ya ine, ina ya mkazi wa malemu. Zaka zonse zisanu ndi chimodzi zinawerengedwa, pamodzi ndi masabata aja amene foni inkakhala chete. Ine yanga ndinaipsompsona, ndipo sindichita manyazi kunena.

Esinala anayang'ana cheke chake nthawi yaitali. Anachiika patebulo, anapita pawindo, anazula foni ija pa chaja n'kuizimitsa.

"Bambo a ana," anatero, "mwaweruka."