A Chidendene ndi Mapazi a pa Waya

Pamsewu wathu pali khonde lalitali la mashopu atatu: ometa tsitsi, okonza mafoni, ndi shopu ina imene imasintha ntchito mwezi uliwonse. Pakati pa ometa ndi a mafoni, pomwe denga limadontha, pamakhala bambo wosoka nsapato amene tonse timawatcha a Chidendene. Dzinali analipeza chifukwa sayang'ana munthu kumaso. Mukawapatsa moni amayankha nsapato zanu. Ine ndadziwana nawo zaka makumi atatu, koma ndikulumbira kuti nditakumana nawo ndili wosavala nsapato, akhoza kundifunsa kuti ndine mwana wa yani.

Anayamba ntchito pafakitale ya nsapato ndevu zisanamere. Fakitaleyo itatsekedwa, anzawo anatuluka ndi misozi, iwo anatuluka ndi singano yokhota, mpeni ndi kampando. Kampandoko ndi komwe akukhalirabe mpaka lero, miyendo itatu yathabwa, wachinayi njerwa. Magalasi awo anawamanga ndi ulusi wosokera nsapato, ndipo ulusiwo tsopano wachuluka kuposa magalasi. Akazi awo anamwalira kalekale. Mwana wawo wamkazi ndi namwino, ndipo wakhala akuwachonderera kuti apume kuyambira ine ndisanamere imvi.

Chimene amadziwika nacho ndi nsapato za tayala. Koma sadula tayala asanajambule phazi. Umaponda pa katoni, iwo n'kuzunguliza pensulo, n'kulembapo tsiku, dzina limene akukudziwa nalo, ndi tayala limene adulako. Akatha amabaya katoniyo pa waya. Mawaya amenewa amalendewera kumbuyo kwawo ngati zovala zoyanika, ndipo mapazi a tauni yonse ali pamenepo. Ndinkawaseka kuti tsiku lachiweruzo angelo sadzavutika n'kuitana mayina, adzangobwereka waya.

Mlongo wanga ali ndi mwana wamwamuna, kalipentala, wamtali ngati chitseko cha tchalitchi, mapewa ngati kabati. Koma pomuumba, dothi linathera mu akakolo. Mapazi ake akhoza kuvina m'kapu ya tiyi osagunda m'mbali. Ine monga malume ndinagwira ntchito yanga mokhulupirika. Ndinamutcha Kaphazi ali ndi zaka zisanu, ndipo ndinamuseka kunyumba, kusukulu, mpaka pa ukwati wake. Ndinkati akayenda pamchenga anapiye amamulondola poyesa kuti mayi awo adutsa.

Chimene sindinkadziwa n'chakuti zinkamulasa mumtima. Atakula anayamba kugula nsapato zazikulu n'kumafutsira nyuzi kutsogolo. Kwa a Chidendene anakapempha za tayala zopitirira phazi lake ndi zala zitatu. Iwo anang'ung'udza kuti adzapunthwa, koma anamudulira, atajambula kaye phazi lenilenilo monga mwa ntchito yawo.

Chaka chathachi, Lachiwiri lina masana mvula ikugwa, bambo wogulitsa matabwa anapezeka ataphedwa kuseri kwa shedi yawo. Anali munthu wabwino, ndipo pano sindiseka. Dzulo lake mphwanga anali atakangana nawo pagulu chifukwa cha matabwa osauma amene anapinditsa zitseko za kasitomala wake. M'matope pafupi ndi mtembo munali chidindo cha nsapato ya tayala. Apolisi anafika kunyumba kwa mphwanga n'kupeza nsapato zake pakhomo. Mizere ya tayala inafanana, kukula kunafanana. Anamutenga. Iye ankati nthawi imeneyo anali yekha akupala matabwa, koma mboni zake zinali sowo ndi hamala, ndipo zimenezi sizilumbira m'khoti.

Mlandu wakupha ukagwa, aliyense amasanduka woweruza. Ometa tsitsi anamupeza wolakwa asanamalize mutu umodzi. M'minibasi ankamugamula pa siteji iliyonse. Pawailesi bambo wina amene sanamuonepo chibadwire anaimba foni n'kunena kuti maso ake anali achigawenga ali khanda. Ndiye anthu atamva kuti wapeza loya, mayi wamng'ono thupi wa ku ofesi yothandiza osauka, amene mafayilo ake ankalemera kuposa iye mwini, mkwiyo wonse unasamukira kwa mayiyo.

"Inu malume ake a munthu, tandiuzeni," anatero wometa tsitsi tsiku lina, makina ali pakhosi panga. "Mayi ameneyu amadya bwanji ndi manja oteteza wakupha?"

"Amadya ndi supuni," ndinayankha.

Palibe anaseka. Ndinatuluka mutu utametedwa mbali imodzi.

Kunyumba kunalibe nthabwala. Mphwanga anakhala m'ndende miyezi isanu ndi itatu akudikira mlandu, mkazi wake ali ndi pakati. Mayi loya sanatibisire mawu: akamupeza wolakwa, sadzatulukanso. Mlongo wanga anasiya kupita kumsika chifukwa cha zala za anthu. Ankangoti, "Achimwene, mwana wanga sapha ngakhale mphemvu." Koma mawu a mayi ake a munthu si umboni.

Kutatsala masabata awiri kuti mlandu uyambe, ndinapita ndi nsapato zanga zakuda kwa a Chidendene kuti ndikaoneke ngati munthu kukhoti. Ndinazikulunga m'nyuzi yakale, ndipo pa nyuziyo panali chithunzi cha chidindo chija. Nsapato anaziika pambali. Anawongola pepalalo pabondo, n'kuliyandikitsa kumagalasi mpaka ndinayesa akufuna kulinyambita.

"Tayala ili ndi langa," anatero.

"Eya, bambo. Ndi limene latiphera mwana."

"Koma woponda apa si mphwanu."

Ndinamva ngati khonde lapendekeka.

"Onani kutsogoloku," anatero akuloza ndi singano. "Kwalowa m'matope mpaka kumapeto. Ameneyu zala zake zimafika kunsonga. Mphwanu zala zimathera apa. Kutsogolo kwa nsapato yake kulibe munthu, kumangokupiza ngati lilime la galu. Akaponda matope nsonga silowa, imangokwekwesa pamwamba."

"Nanga bwanji zala zake sizifika?"

Kwa nthawi yoyamba pa zaka makumi atatu, a Chidendene anandiyang'ana kumaso.

"Kafunseni amene anamutcha dzina."

Nsapato imene inkafuna kutsekera mwana wa mlongo wanga moyo wonse inali itadulidwa ndi pakamwa panga.

Tsiku lomwelo anatseka ntchito dzuwa likanali pamutu, chinthu chimene sanachitepo ngakhale tsiku limene denga linawagwera, ndipo tinapita kwa mayi loya. Ananyamula waya umodzi paphewa, makatoni akukupiza pamsana. Mayiyo anamvetsera osadula mawu. Atatha anati, "Agogo, mukudziwa kuti mukakaima kukhoti anthu akudani?"

"Amandida kale ndikawauza kuti nsapato yafa," anatero.

Tsiku lawo litafika, khoti linadzaza mpaka ena anakhala pamawindo. A Chidendene anavala jekete limene ndikukhulupirira kuti linaonapo kutsegulidwa kwa fakitale ija. Anaonetsa makatoni asanu ndi awiri: mapeyala onsewo anachokera pa tayala limodzi, ndipo anayi anali ofanana kukula. Anatenga nsapato ya mphwanga n'kuonetsa pamene zala zinadya, ndi malo akutsogolo amene anali osalala ngati sanapondedwepo.

Loya woimira boma anaimirira akumwetulira.

"Bambo, za mapazizi munaphunzira kuti?"

"Pakhonde, bwana. Zaka makumi anayi."

"Muli ndi pepala lililonse losonyeza ukatswiri wanu?"

"Ndilibe. Koma inuyo chidendene chakumanzere chadyeka mbali yakunja, ndipo nsapato yakumanja ikukupanani kachala kakang'ono. Mukakhala pansi mumaivula."

Khoti linaphulika ndi kuseka. Ndinaona ndi maso angawa oweruza akubweza mapazi awo pansi pa tebulo.

Mayi loya anapempha kuti abweretse beseni lamatope. Mphwanga anavala nsapato yake ija n'kuponda. Chidindo chinatuluka chozama kumbuyo, kutsogolo chongokwekwesa, chosiyana ndi cha pachithunzi ngakhale kwa ine amene ndimawerenga nyuzi nditaitalikitsa. Kenako anamuuza kuti avule. Chiphona chija chinaima pamaso pa tauni yonse, phazi limene chinalibisa zaka makumi awiri lili poyera. Wina kumbuyo anaseka. Ine ndinalira mpaka wapolisi anandipatsa kampango.

Patatha masabata atatu oweruza anati chidindo chimenecho si cha iye, ndipo kukangana pa matabwa si kupha. Mphwanga anatuluka n'kukapeza mwana wake wamwezi umodzi.

A Chidendene ndi amene analipira. Anthu atamva kuti makatoni akhoza kukafika kukhoti, anayamba kufika pakhonde mmodzimmodzi. "Ndibwezereni phazi langa." Anabwera aphunzitsi, anabwera akwaya, anabwera ndi wometa tsitsi yemwe, amene amakhala nawo khoma limodzi. Ankati agulitsa mapazi a tauni kupolisi. Iwo ankangosolola katoni n'kupereka. Mawaya anayamba kuoneka ngati nthiti. Apolisi akufufuzabe amene anapha bambo a matabwa aja, ndipo mkazi wawo wamasiye akafika pakhondepo amawolokera tsidya lina. Sindimuimba mlandu. Iye mwamuna wake sanabwerere.

Ife abale tinachita zimene tikanatha. Mlongo wanga anasonkhanitsa nsapato zonse za m'nyumba, ngakhale za malemu mwamuna wake, kuti zikasokedwe. Ine ndinayamba kuyenda mokwekwesa pamiyala. Zitachedwa kutha, ndinazithandizira pang'ono.

"Iyi mwadula ndi lezala," anatero a Chidendene atangoigwira.

"Ndi makoswe, bambo."

"Makoswe a kwanu amadula mowongoka." Anaisoka, koma anandiuza kuti ndikadzabwerezanso adzandisokera nsapato zonse ziwiri pamodzi.

Ndinayesa kuwathokoza ndi mawu, ndinakonzekera usiku ndi usana ngati ulaliki. Anandidula pa chiganizo chachiwiri. Anati iwo anangonena zimene tayala linanena, ndipo ndichoke chifukwa ndikuwatchinga kuwala.

Mwezi wathawu ndinali nditakhala pakhondepo pamene mphwanga anafika. Anapereka moni, anavula nsapato, n'kuponda pa katoni yatsopano.

"Agogo, mundidulire zondikwana."

Pensulo inazungulira n'kubwerera pomwe inayambira isanazindikire kuti yanyamuka. Nthabwala zitatu zinakwera kukhosi kwanga nthawi imodzi, zikukankhana. A Chidendene, osadzutsa mutu, anakweza singano yokhota ija.

"A malume, mukatsegula pakamwa ndikusokani milomo."

Ndinameza zonse zitatu. Katoniyo anaibaya pa waya wopanda kanthu, ndipo mpaka lero ikulendewera pamenepo, makatoni ena akuyamba kuwunjikana pamwamba pake. Nsapatozo zinatuluka Lachisanu. Ndi zazing'ono ngati... ayi, sindinena ngati chiyani. Mphwanga akuyenda nazo osapunthwa.