Bwato Lokwiriridwa M'thope

Fungo la thope lowauka ndi dzuwa likangondipeza, ndimaona agogo aamuna, a Namakhwa, atasenza ndowa pamutu, akuyenda pakati pa nyanja ya Chilwa yopanda madzi. Chaka chimenecho nyanja inkathawa tsiku ndi tsiku mpaka anthu ankapita ku chilumba cha Chisi pa njinga, fumbi lili koboo. Utsi wowamba matemba unazilala pagombe, kunangotsala mphepo yolira m'mabango ouma. Anzawo anagulitsa mabwato kwa opala zitseko, koma agogo anakwirira lawo m'thope kuti lisang'ambike, ndipo m'mawa uliwonse ankalithirira madzi a pachitsime, agogo aakazi akudandaula kuti mtengo wakufa ukumwa kuposa adzukulu.

Ine ndinali nditapempha buku lopanda chikuto kwa mayi wina ku Songani amene ankakulungira zitumbuwa masamba ake, ndipo ndinkadziyesa katswiri wa zakuthambo ngakhale masamu ankandigwetsa chagada. Ndinawauza agogo monyada kuti si nyanja yokha ikuthawa, thambo lonse likufutukuka, nyenyezi zikutalikirana. Ndinkayesa aseka. Anatula ndowa.

"Nanga zimabwerera?"

Ndinati bukulo likuti mwina thambo limachita ngati chifuwa, kufufuma n'kuphwa, koma mwinanso limangopita osacheuka. Anafunsa kuti choona n'chiti. Tsamba la yankho linali litapita ndi zitumbuwa.

Kuyambira tsikulo mtima wawo sunakhalenso pansi. Nyanja anaionapo ikuphwa n'kubwerera ali mnyamata, koma tsopano ankaopa kuti nayonso yalowa m'gulu la zongopita. Tikamathirira ankandifunsa, "Aphunzitsi, tsamba lija simunalipeze?" Ankaseka, koma maso ali kum'mawa kumene madzi analowera.

Madzi anabwerera agogo tawaika kale m'manda. Bwato tinalifukula lili bwinobwino, ndipo ndi lomweli, lazigamba zamalata, landilerera ana.

Masiku ano ndimawerenga pa foni, magalasi ali pamphuno. Akatswiri akuti kufutukuka kuja kukufulumira, komabe ena akufufuza ngati liwiro lake limasinthasintha, kukwera n'kutsika ngati mafunde. Tsamba lija sindinalipezebe. Chaka chino madzi ayambanso kutalikira gombe, ndipo mkazi wanga wabisa ndowa yaikulu. Ndikudziwa pamene waiika.