Kuyabwa kwa Jasper Manda

Ku Salisbury Lines kunamveka mbiri yoti Keziya amathira chitedze m'bulangeti la mwamuna wake. Anthu ankaseka, koma kusekako kukatha ankati, kaya, utsi sufuka popanda moto.

Mwamunayo anali Jasper Manda, telala wa pakhonde la golosale, Mtonga wa ku Chintheche amene ankapalasa makina atamanga tayi ngati kalaliki wa kwa DC. Ntchito inkamuyendera, makamaka amayi akamasoketsa nsalu za chipani zokavinira. Vuto lake linali limodzi basi. Malungo akamugwira, n'kumwa kolorokwini, mawa lake ankayabwa thupi lonse, mpaka m'zikhatho ndi kumapazi. Bambo wa tayi uja mukanamuona akukhula msana pa nsanamira ngati mbuzi!

Keziya ankamwa mapiritsi omwewo, iye phee. Amayi a pampope anawerengera okha: mankhwala amodzi, nyumba imodzi, wokanda mmodzi? Pali dzanja la munthu.

Jasper anayamba wakana. Kenaka anayamba kukutumula bulangeti mkazi akatuluka. Tsiku lina anafunsa ndithu.

"Anyina Tamara, mumandiikira chiyani m'zofunda?"

"Ada Manda, mukufunsa ine zimenezo?"

Keziya sanalire. Anamanga katundu, n'kubereka Tamara, n'kukwera basi ya kwawo ku Nkhata Bay.

Mvula itabwera, malungo anabweranso. Bulangeti linali latsopano, woyala anali iye mwini, m'nyumba munalibe mkazi. Anamwa mapiritsi. Abale, anakanda kuposa kale lonse.

Kuchipatala anapeza dokotala wina, a Nyirenda, amene anayang'ana zikande za m'manja n'kufunsa, "Kwanu alipo wina amatere akamwa amenewa?"

Jasper anati akane, koma anakumbukira mlongo wake Dinah akudzikhula miyendo ndi chitsononkho. Anakumbukiranso malemu bambo ake, amene ankati bola malungo kusiyana ndi mapiritsi owawa aja.

"Ndi za m'magazi, adada," anatero a Nyirenda. "Matupi salandira mankhwala mofanana, zimatengera kumene munthu anabadwira. Azungu ambiri samva n'komwe kuyabwaku, koma kuno mabanja ena amakanda onse. Ndikupatsani mtundu wina. Amayi kunyumba ali bwanji?"

"Ali makola, ali bwino ndithu, yewo," anayankha Jasper, maso ali pansi.

Atachira anatsika kunyanja, tayi ili pakhosi koma khosilo litagwa. Apongozi anamupatsa mpando, osamufunsa za ulendo. Keziya anapitiriza kusenda chinangwa.

"Chitedze chija munachipeza?"

"Yayi."

"Munakutumula bwinobwino?"

"Pepani chomene, anyina Tamara."

"Pepani wa kuno ndi wa nkhuku izi. Amene ananditcha mfiti ali pampope."

Ndiye atabwerera limodzi ku Salisbury Lines, Loweruka m'mawa, amayi atandanda pampope ndi ndowa zawo, Jasper anaima pamatope atavala nsapato zake zopolisha, Keziya ali kumbuyo kwake atapinda manja. Mawu anatuluka ang'onoang'ono ngati a mwana wa Sande sukulu, mpaka mayi wina anati, "Kwezani, ada telala, madzi akusokosa!" Anakweza. Anafotokoza za mapiritsi, za Dinah, za bambo ake, khutu lililonse likumva.

Keziya anatunga madzi ake n'kukalowa m'nyumba mwake. Banja lija linakhala mpaka ukalamba, ngakhale Jasper sankadutsanso njira ya pampope.

Chitedze panalibe. Keziya sanathirepo kanthu m'bulangeti la mwamuna wake.