Mzere Umene Unadutsa M'khoma Lathu

Ndinali ndi zaka naini, ndili giredi folo, chaka chimene mgodi unagulitsidwa ndipo ine ndinayamba kusakasaka mzere m'nyumba mwathu.

Tinkakhala ku Chamboli, mumzinda wa Kitwe, m'nyumba za mgodi zija za denga limodzi koma makomo awiri. Mbali ina tinali ife a Phiri ochokera ku Katete, pa nambala 413. Mbali inayo, pa 412, panali Bana Mwansa, ndiye kuti amake Mwansa m'Chibemba, ndi ana awo. Khoma la pakati pathu linali lopyapyala moti Bana Mwansa akatsokomola, amayi ankawafunsa ali kwathu konko ngati amwa mankhwala. Mwana wawo Mwansa anali mnzanga wa ponda apa nane mpondepo. M'mawa uliwonse tinkagogoda khomalo katatu, kudziwitsana kuti tavala, tiyeni kusukulu.

Ndivomere pano kuti ndinali mwana wotopetsa. Mafunso! Utsi wa ku mgodi umayabwiranji pakhosi? Atate akatsikira pansi, mvula imawapeza? Dzina langa ndi Malita, koma atate ankanditcha Loya, ndipo amayi akadandaula ankangoti, "Musiyeni mwana, safunsa anadya phula."

Chaka chimenecho atate anali m'gulu la anthu amene anauzidwa kuti ntchito yatha. Anakabweza chipewa ndi nyali, nayamba kukhala pakhonde kukonza mawailesi a anthu. Amayi anapeza malo abwino pamsika, pafupi ndi geti, nkumagulitsa tomato ndi kapenta. Sukulu yathu inali ya mgodi, koma eni atsopanowo sanaifune, ndiye inapita m'manja mwa boma. Ana amene kale sankaloledwa kuphunzirapo anabwera ambiri mpaka ena kumakhala pansi. Kenako kunabwera kalata yoti ana agawidwe. Okhala m'nyumba zofika nambala 412 atsale, koma kuyambira 413 kupita m'tsogolo asamukire kusukulu ina, kutsidya kwa msewu waukulu wa malole. Amene anagawa manambalawo ndikhulupirira kuti anali asanapondeko ku Chamboli, chifukwa sanadziwe kuti 412 ndi 413 ndi denga limodzi.

Lamulungu lotsatira, Misa itatha, makolo anaunjikana kunja kwa tchalitchi. Ena ankakalipa m'Chibemba, ena m'Chinyanja, koma mawu amene ine ndinatolapo anali amodzi. "Atijambulira mzere." "Mzerewu watidula pakati." Amayi sanalankhule zambiri. Ankangobwereza motsitsa mawu kuti, "Koma msewu uja, abale."

Ine za msewu sindinalabadire. Chimene chinandisowetsa mtendere chinali mzerewo. Ngati unadutsa pakati pa ife ndi a Bana Mwansa, ndiye kuti unali m'khoma lathu, ndipo unayenera kuoneka. Ndinasuntha kabati. Ndinasuzumira kuseri kwa chithunzi cha Maria. Ndinakwera pa dramu kuyang'ana padenga, ndinatsata mpanda wa kuseri mpaka m'dimba la chibwabwa. Ndinatuma Mwansa kuti afufuze mbali yawo, iye nkudzandiuza akupukusa mutu kuti, "Tapali." Palibe.

Nditafunsa atate anati mzerewo uli papepala.

"Nanga pepalalo likanyowa, ndibwerera kusukulu yathu?"

Anaseka mpaka kugwetsa kamsomali ka wailesi, koyamba kuseka chichotsedwereni ntchito. Amayi sanaseke nawo.

Nzeru inabwera ndi Bana Mwansa. Tsiku lina analowa kwathu, nakhala pampando, nati, "Amake Malita, mwana wa mnzako ngwako yemwe. Tikanene kuti Malita ndi mwana wa mng'ono wanga, amakhala kwanga. Nanga si denga ndi limodzi?"

Amayi anali munthu woti ukanama ngakhale za shuga amakugwaditsa. Anapotokola nsonga ya chitenje, kenako anavomera. Masiku atatu anandiphunzitsa ngati katekisimu. Umakhala kuti? Pa 412. Ndi ndani? Ndi amayi aakulu. Ndipo pomaliza pake nthawi zonse: "Malita, ukakalowa mmenemo, pakamwa potseka. Usakafunse kanthu, wamva?"

Tsiku lolembetsa mayina, anthu anali ambiri pakhomo la ofesi ya ahedi. Ndinalowa ndi Bana Mwansa, amayi anatsala panja pafupi ndi windo. Ahedi anali bambo wa imvi, wooneka wotopa. Anandifunsa mafunso awiri aja, ndinayankha bwinobwino osaphonya, iwo nkutsitsa cholembera kuti alembe dzina langa.

Mwatsoka ndinakweza maso. Kumbuyo kwawo, pakhoma, panali mapu aakulu a mgodi oonetsa nyumba zonse za Chamboli, tating'onoting'ono ngati mabokosi a machesi. Ndipo pakati pake, wofiira psuu, unali pomwepo. Mzere! Sabata ziwiri ndikuusaka, lero ndi uwu. Za pakamwa potseka zinauluka.

"Ahedi, mzere uja ndi umenewu? Ndiye ukudutsa m'khoma lathu? Ine ndafufuza mbali yathu, Mwansa wafufuza mbali yawo, koma sitinaupeze."

Bana Mwansa ananditsina pantchafu, koma madzi anali atatayika kale. Ahedi anaika cholembera pansi.

"Mbali yanu ndi iti, mwanawe?"

"413," ndinayankha, ndipo ndinadzimva ndekha kuti ndaphwanya mbale.

Ahedi anavula magalasi nkupukuta m'maso. Anauza Bana Mwansa motsitsa mawu kuti, "Mayo, mayi wanga, ndimakudziwani nonse, ndipo ndikanangoyang'ana kumbali. Koma anthu ali pakhomowa amva. Ndikalemba uyu, ndilemba onse." Dzina langa silinalembedwe.

Pobwerera ndinkayembekeza chikoti. Ndinkachifuna ndithu, chifukwa chete wa amayi ankapweteka kuposa chikoti. Atate atamva anayesa nthabwala, amvekere, "Loya wadzigwetsa yekha pamlandu," koma amayi atangowayang'ana anabwerera ku wailesi yawo. Ine ndinali ndi manyazi, komabe kunena zoona mkatimu ndinalinso ndi kachimwemwe koti mzere uja ndauona ndi maso anga. Ndinali mwana, sindinkadziwa chimene ndataya.

Lolemba m'mawa Mwansa anagogoda khoma katatu mwachizolowezi. Sindinamuyankhe. Sikisi koloko isanakwane amayi anamanga chitenje, nandigwira dzanja, tinauyamba ulendo. Tinadutsa msika, anzawo akuyala kale tomato, koma iwo sanayang'aneko.

Msewu uja ndinali ndisanaimepo pafupi. Malole onyamula miyala ya kopa ankabwera motsatizana, matayala ake aatali kuposa ine. Limodzi likamadutsa nthaka inkanjenjemera, fumbi lofiira nkulowa m'mano, mphepo yake nkukukoka ngati ikufuna kukutenga. Panalibe malo owolokera, panalibe woimitsa magalimoto. Ana ena ankangoti akaona kampata nkuthamanga, zikwama zikuwamenya pamsana. Tinaima nthawi yaitali. Amayi anandigwira pamkono mwamphamvu mpaka zala zanga zinachita dzanzi.

"Loya," anatero osandiyang'ana, maso ali pa malole. "Unkafuna mzere. Si uwu."

Aka kanali koyamba amayi kunditchula dzina limenelo, ndipo sanadzanditchulenso.

Kuyambira tsikulo mpaka nditalemba giredi seveni, amayi ankandiwolotsa m'mawa, masana nkudzanditenganso. Mvula, dzuwa, malungo, sanajombe. Chifukwa chofika mochedwa, malo awo a pafupi ndi geti anapatsidwa munthu wina, iwo nkukayala kumbuyo pafupi ndi ngalande, kumene ogula safikako kawirikawiri. Zimenezi sanandiuze ndi iwo. Ndinazimva kwa Bana Mwansa ndili wamkulu, pa maliro a amayiwo.

Nthawi yonse ija ndinkaganiza kuti amayi ankadana ndi sukulu yatsopanoyo chifukwa inali yosowa mabuku, kapena kuti ankandimvera chisoni posiyana ndi Mwansa. Ayi ndithu. Mayi wopemphera uja analolera kundiphunzitsa bodza chifukwa ankaopa kudzanditola pamsewu. Ine ndinkasaka mzere kuseri kwa kabati, pamene iwo ankauona tsiku lililonse, ukudutsa ndi matayala.

Kufunsa sindinasiye, ndipo sindidzasiya. Lero ndimagwira ntchito mu ofesi ku Ndola, ndipo nanenso nthawi zina amandipatsa mndandanda wa mayina kuti ndigawe, awa uku, awa uko. Anzanga amati ndimachedwetsa ntchito, chifukwa ndisanalembe ndimafuna kudziwa kuti anthuwo amakhala pati, ndipo akayenda bwanji kukafika kumene tikuwatumizako. Ena amandiseka, koma ine ndinaona cholembera chofiira chikuchotsa mayi pamalo ake a pamsika.

Ndikamapita ku Kitwe, minibasi imadutsa pamalo pomwe tinkaima paja. Malole akadalipo, ana akadathamangabe. Ndipo nthawi zonse ndimangozindikira kuti ndadzigwira pamkono wamanzere, pomwe amayi ankandigwira.