Thewera Lonyowa pa Ng'oma ya Apongozi

Pali chinthu chimene ndakhala ndikubisa kwa miyezi isanu ndi iwiri, ndipo ngakhale mwamuna wanga sakuchidziwa. Ng'oma ya apongozi anga aamuna sinalodzedwe. Manja awo sanakalambe monga akunenera amayi a m'kwaya. Ndinkainyowetsa ndine, ndi thewera la mwana.

Ndiyambe ndi kudziikira kumbuyo pang'ono, poti wolapa aliyense amatero. Ndinabwera pamudzi pano, kufupi ndi Golomoti, ngati mtengwa, nditanyamula satifiketi ya kukoleji ya kasamalidwe ka ana aang'ono. Satifiketiyo ili m'felemu pakhoma, ntchito sinapezeke. Mwana woyamba kumuyeserapo maphunziro onsewo anali wanga yemwe. Anabadwa masiku asanakwane, kakang'ono koti thewera linkamuzungulira kawiri. Potitulutsa kuchipatala cha Mua, anamwino anandiuza kuti, "Aziyamwa, azigona. Akamagona m'pamene akukula." Mawuwo ndinawasunga ngati lamulo la khumi ndi chimodzi. Mwana akagona ndinkayenda monyang'ama, nkhuku ndinkaziopseza ndi maso okha, ndipo pakangopita kanthawi ndinkaika chala pamphuno pake kuti ndimve ngati akupuma. Nthawi zina chala changacho n'chimene chinkamudzutsa.

Tsono apongoziwo ndiwo ankaimba ng'oma m'kwaya ya patchalitchi chathu chaching'ono, kuyambira mwamuna wanga asanabadwe. Ng'omayo ndi ya mtengo wogoba, yofika m'chiuno, chikopa cha ng'ombe chokhomedwa ndi zikhomo kuzungulira, pakati pali phula lakuda. Nyumba yawo ndi yathu n'zoyang'anana, moti mukayetsemula kwathu, kwawo amati pepani. Tsiku lililonse akabwera kudimba n'kudya, ankaitulutsa ng'omayo, kuisiya padzuwa pang'ono, n'kuyamba kuyeserera nyimbo za Lamulungu. Nthawi yake inali yomweyo imene mwana wangogona kumene. Akangoimenya kamodzi, kamwanako kankatambasula manja ngati kakugwa mumtengo, kenaka kulira mpaka kusanduka kofiira.

Ndinayamba ndi njira yoyenera. Ndinauza mwamuna wanga, amene ndi mphunzitsi wa pulayimale.

"Bambo a mwana, tawauzani bambo aziimbira kumtengo wa mango uko."

"Ndikawauze bambo? Iwe, ine ndinakulira pansi pa ng'oma imeneyo. Ukundiona ngati wogontha?"

"Dzulo ndinakuitanani katatu kuti mundipatsire beseni."

"Kumeneko si kugontha. Ndi ukwati."

Anaseka yekha, nkhani n'kuthera pomwepo. Kuti ndikanene ndekha sizikanatheka. Mtengwa amalankhula ndi apongozi aamuna atagwada chapatali, ndipo nkhani zake ndi ziwiri: madzi osamba afika, chakudya chapsa. Palibe kagwadidwe kamene munthu anganenere kuti, "Bambo, ng'oma yanu ikusokosa."

Apa m'pamene maphunziro anandigwirira ntchito koyamba. Kukoleji, tikuphunzira za makutu a ana, aphunzitsi anabwera ndi kang'oma m'kalasi, n'kuthira mpunga pachikopa. Atamenya m'mphepete, mpunga wonse unadumpha. Anati dzanja likamenya, chikopa chimanjenjemera, kutsika ndi kukwera mofulumira moti diso silingaone. Kunjenjemerako kumakankha mpweya wa m'mimba mwa ng'oma ndi wakunja, mpweyawo n'kudzagogoda kachikopa kena kakang'ono kamene kali m'khutu mwa munthu. Chikopa chokungika chimanjenjemera msanga, mawu ake n'kukhala akuthwa, ofika kutali. Chikakhwefuka, mawu amatsika, ndipo chikakhwefuka kwambiri amangothera pomwepo. Phula lapakati lija limachilemeretsa kuti mawu akhale okhuthala. Ndipo chikopa, ngakhale mwini wake anadyedwa kalekale, chimamwabe madzi. Chikamwa chimafewa. Zonsezi ndinazilemba pamayeso n'kukhoza. Apongozi ankazidziwa popanda mayeso, n'chifukwa chake ankaisiya padzuwa asanayambe.

Unali mwezi wa Okutobala, dzuwa la kunsi kuno limene limawotcha ngakhale mthunzi. M'mawa apongozi onse awiri akapita kudimba, ng'oma inkatsala pakhonde, itafunditsidwa chiguduli. Ndinatenga thewera m'beseni mmene ndinkachapa, osalifinya, ndinalipinda kanayi, n'kuliyala pachikopa, n'kubwezeretsa chiguduli. Dzuwa litatsala pang'ono kufika pamutu ndinakalichotsa, n'kupukuta pamwamba ndi nsalu yanga.

Masana apongozi anakhala pampando wawo, ng'oma pakati pa miyendo, n'kumenya. Inangoti phu. Anamenyanso. Phu, ngati munthu akumenya pilo. Ine ndinali kuseri kwa katani, mwana ali m'tulo, kamwa yasa. Anagona maola atatu. Ndinalira ndi chimwemwe, n'kulonjeza Mulungu kuti ndachita kamodzi kokha. M'mawa mwake ndinachitanso.

Apongozi anayamba kuisiya padzuwa nthawi yaitali. Kenaka ankasonkha kamoto ka mapesi n'kuiwamba, akuitembenuza, akuigogoda ndi chala, khutu lili pafupi. Mawu ankabwerera dzuwa litapendeka, mwana atadzuka kale. Ine ndinkaona kuti zinthu zikuyenda bwino kwambiri. Mwana akugona, apongozi akuimbabe, wovulala palibe. Ndinafika podziona ngati munthu wobweretsa mtendere.

Koma ng'oma yofooka mu Okutobala, pamene ngakhale zitseko zikung'aluka ndi kuuma, ndi nkhani yofuna kufotokozedwa, ndipo ofotokoza pamudzi sasowa. Apongozi eni ake anati mwina ng'ombe ya chikopacho inafa ndi matenda, ngakhale chikopacho chinali chitalira bwino zaka zambiri osakumbukira matendawo. Amayi apampando a kwaya anati ng'oma ilibe vuto, koma manja amakalamba. Apongozi anga aakazi anali ndi maganizo ena, ndipo anandiitanira kuseri kwa khitchini.

Kwathu kuno mwana akabadwa, makolo ake amadikira kukhalira pamodzi mpaka akuluakulu atachita mwambo womuika mwanayo kumphasa. Akafulumira, amati ndi otentha, ndipo zinthu zapakhomo zimawonongeka. Ife mwambowo unali usanachitike.

"Apongozi, tandiuzani zoona, tili awiri," anatero akunong'ona mokweza. "Inu ndi mwana wangayo, simunafulumire?"

"Ayi, amayi."

"Ana asukulu inu mumati zonse n'zachikale."

"Ndikulumbira, amayi. Ngakhale kuganiza komwe."

Chibadwire sindinalumbirepo ndi mtima woyera chotero ndili wolakwa chotero. Anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kugwedeza mutu.

"Ndiye ndi mwana wangayo. Masiku ano akumachedwa ku Golomoti."

Mwamuna wanga anaitanidwa, n'kubwerako nkhope itagwa. "Amayi akuti ndapha ng'oma ya bambo ndi chiwerewere," anatero. "Ine? Munthu wobwera kunyumba ndi choko m'tsitsi?"

Ndinamupatsa madzi akumwa nditagwada bwinobwino, n'kunena kuti, "Anthu amalankhula." Ndiulule ichinso: kwa milungu iwiri ankabwera msanga, n'kumanyamula mwana, ndipo ine sindinadandaule.

Nthawi imeneyo makwaya a m'matchalitchi ang'onoang'ono ankakonzekera kukakumana kuparishi, aliyense kukaonetsa zake. Loweruka lomaliza, kwaya yathu inaganiza zodzayeserera pakhomo pathu, pansi pa mtengo wa mango, chifukwa malata a m'tchalitchi ankawotcha anthu ngati mbatata. Dzulo lake mwana anali atabayidwa katemera, thupi likutentha, akungolira. Nditamva kuti kukubwera kwaya yonse ndi ng'oma pamwamba pake, m'mawa ndinayala matewera awiri pachikopa.

Amayi anafika, anayala zitenje zawo, amayi apampando n'kukweza dzanja. Ng'oma inati phu.

Apongozi anasonkha moto wawo. Anaiwamba, n'kuyesa. Phu. Anaisendeza pafupi.

"Agogo, mukuwamba ng'oma kapena mbewa?" anafunsa mayi wina wa kumbuyo.

"Tiyambe ndi m'manja, akatipeza pa ndime yachitatu."

"Asiyeni, ndiwo zathu zikupsa."

Anaseka onse. Inenso, nditaima pakhonde mwana ali kumbuyo, ndinaonetsa mano kuti ndisaoneke wosiyana. Apongozi anapitiriza kuiwamba. Thukuta linkatsikira m'khosi mwawo, ndipo anaisendezanso, kufupi kuposa mmene ndinawaonerapo. Phula linayamba kunyezimira. Chikopa chimene kwa milungu itatu chinkamwa madzi m'mawa n'kupsa masana chinauma m'mphepete, pakati pakadali ponyowa. Anaibweza pakati pa miyendo, n'kuimenya ndi mphamvu ya munthu wosekedwa. Sichinaphulike ayi. Chinangong'ambika ngati nsalu yakale, kuchokera pachikhomo mpaka pakati, dzanja lawo n'kulowa m'kati.

Mwambi uja wa ng'oma yolira bwino yosachedwa kung'ambika unanenedwa ndi anthu asanu, aliyense ngati waupeka yekha. Mwana wanga sanadzuke n'komwe.

Kuparishi kwaya inapita ndi kiyibodi ya aphunzitsi ena atsopano a kusekondale. Chinthucho chili ndi ng'oma zake m'kati. Ungodina batani, chimalira chokha, osafuna dzuwa kapena moto, bola batire. Anthu anaombera m'manja kwambiri. Lamulungu lotsatira, komiti inawathokoza apongozi chifukwa cha utumiki wa zaka zambiri, n'kuwapatsa mpando wakutsogolo kuti azipuma. Amakhala pamenepo mpaka lero, manja pamaondo. Ine ndimakhala kumbali ya amayi, ndipo ndimaona zala zawo zikuyenda pathalauza nyimbo ikayamba.

Patapita mwezi anabwera ndi chikopa chatsopano kuchokera kwa opha ng'ombe pamsika. Anachipala ubweya, n'kuchiviika m'madzi. Tsiku lokunga ankafuna munthu wothira madzi pamene iwo akukoka ndi kukhoma, ndipo anatuma apongozi aakazi kuti aitane ine. Ndinagwada ndi ndowa yanga pamtunda woyenera. Iwo ankalankhula akuyang'ana ng'oma, monga amachitira apongozi aulemu.

"Chikopa chimafuna madzi tsiku limodzi lokha," anatero. "Lero. Chikafewa timachikoka, tikhome. Chikamauma chimadzikoka chokha, ndipo mawu amalowa pamenepo. Likadutsa tsiku limeneli, madzi ndi mdani."

"Inde, bambo."

Anakhoma chikhomo chimodzi, n'kutembenuza ng'oma.

"Chakale chija chinkanunkhira sopo. Inali ng'ombe yaukhondo."

Ndowa inandilemera mwadzidzidzi. Ndinayang'ana pansi, pamene nyerere zinkakoka kanyama kochokera pachikopa.

"Mwana akugona bwino?"

"Akugona bwino, bambo."

"Chabwino. Thirani apa."

Ndinathira. Sananenenso kanthu, tsiku limenelo kapena lina lililonse. Ngakhale kwa akazi awo sanaulule, poti akanawauza ndikanamva mudzi usanadye chamasana. Amayi apampando atawafunsa za thanzi lawo, ndinawamva ndi makutu anga akuyankha kuti manja atopadi.

Ng'oma yatsopano inauma, ndipo mawu ake ndi abwino kuposa akale. Pakhomo sailiza. Amaimanga panjinga m'mawa n'kupita nayo kudimba, kumene amaimbira mbalame ndi tomato. Mphepo ikachokera kumeneko ndimaimva pang'ono, chapansipansi, ndili pakati pochapa. Mwamuna wanga anapempha komiti kuti bambo abwerere, koma anayankhidwa kuti vuto silinali chikopa, aliyense anaona yekha kuti nkhalamba inkalephera kuiliza ng'oma kwa milungu itatu yathunthu. Ndipo ndi zoona, anaona.

Mawu anga ochepa okha angawabwezere malo awo. Ndikudziwa. Koma amayi a m'kwaya ndi omwewo a pamjigo, ndi omwewonso a kusikelo. Ndidzakhala mtengwa amene anaika thewera pa ng'oma ya m'tchalitchi mpaka mwana wanga adzakwatiwe, ndipo iyenso adzatchedwa mwana wa thewera. Pali mwamuna wanga, amene anasenza mlandu wa chiwerewere ine ndikumupatsa madzi. Pali apongozi aakazi amene ndinawalumbirira. Kawiri konse ndaimirira pa msonkhano wa pambuyo pa mapemphero, pakamwa patatseguka kale, ndipo kawiri konse ndangomanga bwino nsalu ya mwana n'kukhalanso pansi.

Mwanayo tsopano ndi wonenepa, mzere wa pakhadi lake la kusikelo ukukwera, ndipo amagona ngakhale kiyibodi ikulira pafupi. Sindidziwa ngati akanakula chimodzimodzi ng'oma ikulira. Mwina akanakula. Nthawi imeneyo ndinkangoona kamwana kakudzidzimuka, ndipo pakhomo ponse panalibe munthu woti n'kumuuza n'kumva.

Ndiye ndikufunseni inu amene mwawerenga mpaka pano, makamaka amene munagonekapo khanda lobadwa masiku asanakwane. Ndinalakwa kuinyowetsa? Nanga poti mwini wake akudziwa ndipo wasankha kukhala chete, ine ndikakhalanso chete ndikuwalemekeza, kapena ndikungobisala kumbuyo kwa munthu wamkulu amene wakhala pampando wopumira asanatope?