Kadoyilo ka Wamanzere

Lero mdzukulu wanga wandiikira kapu ya tiyi pa kadoyilo koyera, kansalu koluka ndi ulusi, ndakumbuka kalasi yathu ya giredi faifi ku Bundabunda.

M'nthawi ya chipani chimodzi ulusi unkasowa ngati sopo. Aphunzitsi aakazi anatigawira pang'onopang'ono kuti tiphunzire kuluka. Ine ndine wamanzere. Pomwe aphunzitsiwo ankanditulukira, kadoyilo kanga kanali katakula ngati chikhatho.

"Iwe, dzanja ilo ni la kuchimbudzi! Gwirira kumanja."

Ndinayesa. Singano inkangopulumuka, ulusi n'kuda ndi thukuta.

"Basi, uononga chabe," anatero.

Anakoka nsonga ya ulusi, kadoyilo konse n'kumasuka. Ulusi wopotanawo anaupatsa mtsikana amene ndinkakhala naye pabenchi. Ndinakhalira dzanja langa lamanzere, n'kumangoona iye akulakwitsa mzere woyamba.