Bulauzi Yoyera Imene Tinamuvula

Ndinafika ku Mzimba Boma ngati mphunzitsi wochokera ku Dedza, ndipo pasanathe zaka zitatu anandisankha kukhala mkulu wa mpingo komanso mtsogoleri wa amayi. Ankati ndili ndi pakamwa pofatsa. Inenso ndinakhulupirira, mpaka kuyamba kunyadira kufatsa kwangako.

Tsiku lina kunabwera mbiri yoti mayi wina wa m'gulu lathu, wokwatiwa ku Engutwini, anavinitsidwa vimbuza, gule wa ng'oma amene asing'anga akuno amachizira odwala mizimu. Mutu unali utamuwawa miyezi yambiri. Koma kumpingo kwathu umenewo ndi mlandu, ndipo wokana kulapa amadulidwa mgonero n'kubweza bulauzi yoyera ya amayi. Anatituma awiri kukacheza naye, ine ndi mayi wina wachikulire, mbadwa ya komweko. M'mawa mwake ndinapemphera kuti ndisakakweze mawu. Za mtima wanga sindinazitchule n'komwe.

Tinapeza apongozi ake aamuna, nawonso Mkhristu wa mpingo wathu, atakhala pansi pa mtengo wa mango pafupi ndi khola la ng'ombe. Anatiikira mipando pomwepo. Mayi wovinitsidwa uja anabwera n'kugwada patali, atayang'ana kumbali. Mnzanga anandinong'oneza kuti, "Amama, ndapota, tiyeni timutengere kukhitchini. Pano mbwenu sayankhula."

"Nkhani za Mulungu sitikambira kuseri," ndinamuyankha choncho.

Kwathu mkazi amakhala pamudzi pa amayi ake, akafunsidwa amayankha, ndipo woyenda monyang'ama ndi mkamwini. Sindinadzifunse ngati kunonso zili choncho. Ndinalankhula mofatsa ndithu, mwina theka la ola. Ndinamutchula kuti mlongo wanga, ndinati tonse timagwa. Katatu konse ndinafunsa kuti, "Mayi, kodi munapita mwa kufuna kwanu?" Iye ankangokanda dothi ndi kamtengo. Apongozi aja anatsokomola.

Mawu anga anakhalabe ofewa, koma m'kati ndinkawira. Ine mphunzitsi wathunthu, ndameza fumbi njira yonseyi, munthu n'kundiyesa chitsa! Pobwerera mnzanga anayesa kuyambitsanso nkhaniyo, ine n'kumudula pakamwa. Pamsonkhano wa akulu a mpingo ndinanena mawu amodzi: sanalape. Wogwira cholembera ndinali ine, wodziwa malamulo ndinali ine, ndiye ndani akanatsutsa? Anamudula, ndipo bulauzi inabwera itachapidwa, itasitidwa, ili mujumbo.

Kawiri mayiyo anayenda mpaka kusukulu kwathu kudzandifuna. Ndinamuyankhira pakhomo la kalasi, choko chili m'manja, kuti nkhani ili kwa akuluakulu, adikire. Ndinamumwetulira ndithu. Mvula isanagwe, anamwalira.

Pamaliro pake amayi sitinavale zoyera, sitinaimbe nyimbo, chifukwa wodulidwa saimbiridwa. Tinangokhala duu m'zitenje zathu ngati anthu odikira minibasi pa Jenda. Ana ake ankatiyang'ana. Pamenepo ndiye mnzanga uja anandiuza, osanong'ona tsopano.

"Amama, amene anaitana ng'oma ndi apongozi ake. Anamunyamula akukana. Kuno mkamwana wolowoledwa ndi ng'ombe satsegula pakamwa pamaso pa apongozi aamuna, nanji kuwaloza chala. Mukanamuitanira kuseri, mbwenu akanakuuzani zonse. Ine ndinakuuzani."

Anandiuzadi.

Ndinakanena zonsezi kwa akulu anzanga. Anandimvetsera mwaulemu, wina n'kuti madzi akatayika saoleka. Wina anakumbutsa kuti apongozi aja ndi amene anaumba njerwa za tchalitchi cha kumudziko, ndipo mboni yoti n'kuwatsutsa ili m'manda. Anapemphera, msonkhano n'kutha. Mpaka lero zimandinyansa, ndipo sindidziwa amene ndimamukwiyira kwambiri, iwo kapena ine ndi kufatsa kwanga kwapakamwa.

Lamulungu la mgonero lotsatira, Akhristu a kumidzi anabwera ku Boma monga mwa nthawi zonse. Mzere umene anandigawira kutumikira unali wa abambo okalamba. Apongozi aja anali pampando wachiwiri, atavala jekete la imvi. Ndinawapatsa kachikho. Analandira ndi manja awiri, anamwa, n'kundigwedezera mutu pothokoza.

"Yewo chomene, amama."